Za ndalama zija unandifunsa

Aise,

Ndikhulupirira muli bwino nonse kumeneko, mayi ndi ana omwe. Kuno ku Flagstaff kwayamba kale kuzizira koma tikukankha ndithu.

Mesiji yako ya pa WhatsApp ndinaiona, ija umafunsa ngati komiti yanu ya zachilengedwe ingapemphe nawo ndalama zomwe unaziona pa intaneti. Ndingokuuziratu kuti usataye nthawi ndi bandulo yako, sizingatheke. Ndalama zimenezo ndi za mitundu ya eni nthaka a ku America kuno, yokhayo yomwe boma la US linaivomereza, ilipo yoposa 570 ndipo uliwonse uli ndi utsogoleri wake, ina mpaka apolisi ndi makhothi akeake, ndiye boma limakambirana nawo ngati boma linzake.

Thumba lomwe aliyense amalitchula kuno ndi GAP (General Assistance Program), limachokera ku EPA, nthambi ya boma la US yoona zachilengedwe, ndipo lamulo lake ndi la 1992. Ntchito yake ndi yoti mtundu ukhale ndi ofesi yakeyake ya zachilengedwe, kulipira wogwira ntchito, kumuphunzitsa, kugula kompyuta, komanso kuona za zinyalala. Palinso timatumba tina ta madzi ndi mpweya. Mu 2021 lamulo lina linapatsa Indian Health Service, nthambi ya boma yoona zaumoyo wa mitunduyi, madola 3.5 biliyoni a madzi ndi ukhondo, ukangomva chiwerengerocho ungati basi mavuto atha.

Koma upite ku Navajo Nation, dziko la mtundu wa a Navajo, si patali ndi pano. Anthu ake amadzitcha a Diné, likulu lawo lili ku Window Rock. Kuyambira 1944 mpaka 1986 makampani ankakumba uranium m'dziko lawo ndipo anasiya migodi yoposa 500 ili pululu, osaikwirira. Azibambo ankalowamo opanda chotchinga pamphuno, ambiri anafa ndi khansa ya m'mapapo, ndipo mabanja ena osadziwa anatola miyala ya kumigodiko nkumangira nyumba. Pa 16 July 1979 damu la zonyansa za uranium linaphulika ku Church Rock, magaloni oposa 90 miliyoni anakhuthukira mu mtsinje wa Puerco momwe nkhosa zawo zinkamwa. Mu 2005 a Diné anaika lamulo lawo loletsa kukumba uranium. Ndalama zoyeretsera zinapezekako, mlandu wa kampani ya Tronox unabweretsa madola pafupifupi 1 biliyoni a migodi ngati 50, koma 50 pa 500 waona wekha mmene zilili.

Ndinaima pa chapter house ina, ndi ngati bwalo lawo la msonkhano wa dera, pali mpopi waukulu panja. Agogo ena anafika pa pikapu yakale yodzaza fumbi, kumbuyo kuli migolo iwiri ya buluu, anatsika okha nkukoka paipi yolemera ija kuiponya mu mgolo, kenako anangokhala pa tayala kudikira kuti idzadze. Anandiuza kuti madzi amenewo ndi akumwa, ochapira ndi a nkhosa zomwe, chifukwa chitsime cha pafupi ndi kwawo analetsedwa kumwa. Nyumba pafupifupi zitatu pa khumi zilizonse kumeneko zilibe madzi a m'mipopi, mu America momwemuno aise. Ndipo mu 2023 khothi lalikulu linagamula, majaji 5 kwa 4, kuti pangano la 1868 la pakati pa a Navajo ndi boma la US silikakamiza boma kuwapezera madzi. Zinandiwawa kwambiri.

Chimene ndaona ine nchakuti ndalama zimatsata munthu wodziwa kulemba. Kuti upemphe uyenera kulembetsa kaye ku SAM.gov, kenako pulopozo ukaponye pa Grants.gov tsiku lisanadutse, ukapatsidwa ndiye malipoti osatha, bajeti, odita. A Navajo bola, ali ndi EPA yawoyawo ndi antchito ambiri. Koma kamtundu kakang'ono kapena mudzi wa ku Alaska kumakhala munthu mmodzi yekha, yemweyo ayeze madzi m'mawa, masana athamangitse za zinyalala, usiku alembe pulopozo pa netiweki yodukaduka, akatopa nkusiya ntchito zonse zimayambiranso pa ziro. Nchifukwa chake ndimawalemekeza a ITEP, bungwe lomwe lili pa Northern Arizona University mtauni muno kuyambira 1992, ntchito yawo ndi kuphunzitsa anthu a mitunduyi kuti azidziyezera okha mpweya ndi madzi komanso kuyendetsa maofesi awo, osangodikira mlendo wobwera ndi laputopu nkubwerera.

Nkhani yomwe ili mkamwamkamwa ndi ya magranti omwe boma linafafaniza mu 2025 atalonjezedwa kale. Mudzi wa Kipnuk ku Alaska unali utapatsidwa madola 20 miliyoni oti atchinjirize gombe la mtsinje lomwe likugumuka, ndalamazo zinaimitsidwa, ndipo mu October chaka chomwecho namondwe anasefukiza mudziwo anthu nkusamutsidwa pa ndege. Ena akuti khoma lotchinjiriza gombelo silikanatha kumangidwa pa nthawi yake, mwina nzoona, koma anthu aja anatsata ndondomeko yonse monga anauzidwira.

Ndikamaona zonsezi ndimaganiza za Kayelekera ku Karonga, uraniumnso ndi yomweyo. Ndikanakonda anthu a midzi yozungulira atamadziwa okha kuyeza madzi a m'mitsinje yawo ndi kusunga zotsatira m'buku lawo chaka ndi chaka.

Za komiti yanu, yesani GEF Small Grants Programme, imadzera ku UNDP ndipo ku Malawi iliko, imapereka ndalama ku magulu a m'midzi. Muyambe mwaonetsetsa kuti gulu ndi lolembetsedwa, lili ndi akaunti ku banki ndi maminitsi a misonkhano, ndipo musankhe achinyamata awiri aphunzire kulemba, asakhale iwe wekha. Mukalemba unditumizire ndione nawo bajeti.

Upereke moni kwa mayi, uwauze kuti mankhwala a miyendo aja nditumiza ndi munthu amene akubwera mwezi wa mawa.

Ndine mnzako wa kalekale.