Mukuti asamukire kwa akambuku?

A Mkonzi,

Ndawerenga nkhani ya mlembi wanu uja yokhudza anamondwe ku Bangladesh, ndipo mutu sunandisiye kupweteka. Akuti anthu a ku Shyamnagar, m'boma la Satkhira, amavutika dala chifukwa malo ali nawo ambiri koma amakakamira kukhala m'mphepete mwa mitsinje. Umboni wake? Anatenga anthu 318,000 a pa kalembera wa 2011, n'kuwagawa ndi kukula kwa deralo, masikweya kilomita 1,968, n'kupeza anthu pafupifupi 160 pa sikweya kilomita imodzi. Basi masamu atha, chigamulo chaperekedwa, bambo akupita kukamwa tiyi.

Ndaphunzitsa Geography mpaka kupuma pantchito, ndipo mwana wa Fomu 2 akanandibweretsera zoterezi ndikanamubweza. Pafupifupi magawo atatu mwa anayi a dera limenelo ndi nkhalango ya Sundarbans, mitengo yomera m'matope a madzi amchere, imene UNESCO, nthambi ya bungwe la United Nations, inaiika pa mndandanda wa malo otetezedwa mu 1997. Mmenemo mumakhala ng'ona ndi akambuku a mizeremizere aja. Amuna amene amalowamo kukafula uchi kapena kukagwira nkhanu amayamba atenga chilolezo ku nthambi ya zankhalango, ndipo ena sabwerako. Kumeneko n'kumene mlembi wanu akufuna kuti amayi akamange makhitchini? Chotsani nkhalangoyo pa masamu anuwo muone: anthu akuposa 600 pa sikweya kilomita imodzi, ndipo ngakhale pa malo otsalawo, mbali yaikulu ndi maiwe oweteramo ma shrimp, tizamoyo ta m'madzi amchere ta gulu la nkhanu.

Ndiye akuti "asamukire kumtunda." Mtunda uti? Dera lonselo ndi lathyathyathya, moti madzi a m'nyanja akakwera, midzi yambiri imatetezedwa ndi makoma a dothi okha, amene anamangidwa m'ma 1960 dzikolo lidakali East Pakistan. Gabura, limodzi mwa magawo 12 a Shyamnagar, ndi chilumba chozunguliridwa ndi mitsinje ya Kholpetua ndi Kapotaksha. Namondwe Aila atagumula makoma pa 25 May 2009, anthu a kumeneko anakhala miyezi yambirimbiri m'zisakasa pamwamba pa zidutswa za makoma zotsalazo, chifukwa ndi pokhapo pamene panali pouma. Namondwe wina, Amphan, anabweranso mu May 2020. Kumadzulo kuli malire a India, kummwera kuli akambuku ndi nyanja. Mwina mlembi wanu ali ndi phiri m'thumba loti akawabwereke.

Chimene chandikwiyitsa kwambiri n'chakuti m'nkhani yonseyo simunatchulidwe ngakhale ofesi imodzi. Anthu osauka okha ndiwo olakwa. Chonsecho Shyamnagar ili ndi mkulu wa boma wotchedwa Upazila Nirbahi Officer, wotumidwa kuchokera ku likulu. Gawo lililonse mwa 12 aja lili ndi khonsolo yake, ya wapampando, mamembala 9 oimira mawodi ndi mipando 3 ya amayi. Koma makoma otchinga madzi sali m'manja mwa makhonsolowa, ali m'manja mwa nthambi ya boma yoona za madzi, Bangladesh Water Development Board. Wapampando wa ku Gabura akhoza kuona khoma likung'ambika ndi maso ake, koma ndalama zokonzera zili kwina. Onjezani eni maiwe a ma shrimp amene amaboola makomawo n'kulowetsa mapaipi kuti akoke madzi amchere. Khoma limafooka, mpunga umapserera, zitsime zimasanduka zamchere, amayi n'kumayenda mitunda kusaka madzi akumwa kapena kudikira a mvula. Nkhani inali pamenepa, ndipo mlembi wanu anaidumpha ngati chithaphwi.

Komanso matendawa si a iye yekha. Masiku ano nkhani zakunja zimalembedwa munthu ali khale pampando, foni m'manja, mapu osawayang'ana n'komwe. Nambala ikangooneka pa intaneti, yalowa m'nyuzi. Ndi mzimu womwewu umene umatuluka mvula ikavuta kuno kwathu, pamene ena amathamangira kunyoza anthu a ku Nsanje ndi ku Chikwawa kuti ndi osamva, osafunsa kuti akasamuka akalima pati. Ndalama ya nyuzi timalipira yonse, koma tikugulitsidwa maganizo osapsa. Malamulo a utolankhani amene inu nomwe mumawatamanda amati nkhani ikhale yoona ndiponso yosakondera, kapena amenewo amagwira ntchito pa nkhani za ku Lilongwe zokha?

Konzani nkhaniyo pa tsamba lomwelo, osati pakona pafupi ndi zotsatsa malonda. Ndipo gulani atilasi imodzi muiike mu ofesimo, yakale yomwe ikwanira, nkhalangoyo inajambulidwamo ndi mtundu wobiriwira.

Mphunzitsi wopuma,
Zomba