Inu a medical aid, processor ya mwana wanga si hearing aid

Ndalemba pano poyera chifukwa ku inbox mumangoti tikuyankhani posachedwa, foni ya ku ofesi kwanu ndiye imangoitana osayankhidwa. Ndalama mumadula pa malipiro anga mwezi ndi mwezi osaphonya, koma lero processor ya mwana wanga, mbali yakunja ya cochlear implant yomwe amamvera, yafa mukuti imeneyo ndi hearing aid ndipo gawo la hearing aid tinalimaliza kale. Koma abale, amene amaona ma claim kumenekowo cochlear implant anayamba aionapo?

Hearing aid imangokweza mawu kuti khutu lomwe likumvako pang'ono limve bwino. Wangayu matenda oumitsa khosi anamugonthetsa makutu onse awiri, olo mukuwe bwanji palibe chimalowa. Nchifukwa chake anamupanga opaleshoni nkuika cochlear implant, kachipangizo ka pansi pa khungu kuseri kwa khutu, kawaya kake kanalowa mkatikati momwe kamatokosa mtsempha wakumva ndi timphamvu ta magetsi. Koma chamkaticho pachokha sichigwira ntchito, chimadalira processor yakunjayi yomwe imatola mawu nkuwatumiza kudzera pa kamaginito komata pamutu kaja. Imeneyo ikazima basi, mwana samva kalikonse ngakhale galimoto ikuimba hutala kumbuyo kwake.

Anali atayamba kunena amama, madzi, ndipatseni, kumatembenuka ukamuitana uli kukhitchini. Pano m'mawa amatenga yekha processor yakufayo kuiika pamutu, kuichotsa, kuiikanso, kenako kundipatsa ine kuti ndiikonze, ndimuuza chani ine? A audiologist, akatswiri a za kumva, anatiuza kuyambira pachiyambi kuti ubongo wa mwana umagwira chilankhulo mu zaka zoyambirirazi, ndiye nthawi imene mukuitaya ndi ma fomu anuwa ndi imene amayenera kumaphunzira kulankhula.

Mabatire a processor a saizi 675 timagula tokha, thiransipoti yopitira ku mapping (kokachunitsa processor) ndi ku speech therapy timalipira tokha, sitinabwerepo kudzakulirirani. Opaleshoni munalipirako ndinu nomwe, bwanji lero mukukana mbali imene imapangitsa kuti opaleshoniyo ikhale ndi phindu?

Kalata ya adokotala muli nayo, kotesheni muli nayo ndipo mukudziwa kuti zinthuzi zimachokera kunja, mtengo wake sudikira munthu. Claim imeneyi ipititseni kwa dokotala wodziwa za makutu aione, ndipo yankho ndikulifuna lolemba sabata ino, osati zoti tumizani nambala yanu ku inbox, nambalayo muli nayo kale.