Musanagule matailosi a m'bafa, yambani mwaona mapaipi

Akonzi,

Tiloleni tilankhuleko ndi eni nyumba kuno ku Mzuzu amene akufuna kukonza okha bafa. Ndife amisiri a mapaipi ndi zomangamanga, ndipo sitikuwaletsa, pakuti mbali yaikulu ya ntchitoyi munthu wakhama atha kuigwira. Chotidandaulitsa n'chakuti ambiri amathamangira kugula matailosi, pomwe bafa limawonongekera kunsi kwa matailosiwo. Kuno mvula ndi yambiri, kumazizira, khoma likanyowa limachedwa kuuma. Paipi ikamadontha pang'ono m'khoma, mudzaona penti ikusupuka kuchipinda chogona, nkhungu yakuda ili bii.

Yambani ndi madzi. Tsekani mipopi yonse, werengani mita ya Northern Region Water Board, mudzaionenso pakatha maola awiri. Ngati yayenda, penapake pakudontha. Nyumba zakale zambiri zili ndi mapaipi achitsulo omwe dzimbiri linatseka mkati, n'chifukwa chake shawa imatulutsa timadzi tochepa. Achotseni nthawi yomweyo mwagumula khomayo, muike apulasitiki otchedwa PPR a mamilimita 20. Amenewa amalumikizidwa ndi makina otenthetsa, masekondi 5 kapena 6 basi. Mukapyola pamenepo pulasitiki imasungunukira mkati n'kupanikiza njira ya madzi. Mukamaliza, tsekani kumapeto konse, tsegulani madzi, mapaipi agone osakwirira usiku wonse. Usiku madzi amakhala ndi mphamvu popeza otunga ndi ochepa, ndiye polumikiza pofooka pamaonekera m'mawa. Pulasitala adikire.

Paipi yachimbudzi ikhale ya PVC ya mamilimita 110, yotsetsereka masentimita 2.5 pa mita iliyonse. Ikagona chathyathyathya, zoipa zimaima panjira. Ya sinki ndi shawa, mamilimita 50, iliyonse ndi trap yake, kapaipi kopindika kosunga madzi kuti fungo la septic tank lisabwerere m'nyumba. Musanagule mtondo wa chimbudzi onani komwe paipi yakale ikutulukira: ya kukhoma imafuna P-trap, ya pansi S-trap. Ogulitsa ambiri salandira katundu wobwezedwa. A kumadambo, monga mbali zina za Chibavi, aonenso soak pit, dzenje lomwe madzi otayidwa amalowera m'nthaka, chifukwa dzinja madzi apansi akakwera imadzaza, ndipo shawa yatsopano sithandiza kanthu madzi akamabwerera.

Pansi ndi pomwe ambiri amalakwitsa. Sakanizani ndowa imodzi ya simenti ndi ndowa 4 za mchenga wa kumtsinje wosefa, wopanda dothi. Patsetsereke sentimita imodzi ndi theka pa mita kuloza pa kabowo kotulukira madzi, ndipo pansi pa bafa patsike ndi sentimita imodzi kapena awiri poyerekeza ndi pakhonde. Gwiritsani levulo, maso amanama. Muzithirira madzi masiku 7, kenako mupasiye paume ndithu. Pakauma pakani mankhwala otchinga madzi kawiri, ulendo wachiwiri mopingasa woyamba, mukweze masentimita 15 m'makoma onse, koma mozungulira shawa mufike mamita 1.8. M'makona ndi pozungulira paipi pakani mosaumira, ming'alu imayambira pamenepo. Akauma, tsekani kabowo, dzazani madzi ofika m'kakolo, muwasiye maola 24, muone kuseri kwa khoma. Mankhwalawa ndi amene anthu amayamba kudula ndalama ikachepa, pomwe mtengo wake sufika pa wa matailosi okongola amene sawakayikira pogula.

Masamu ake ndi awa. Bafa la mamita 2 m'litali ndi 1.5 m'lifupi lili ndi masikweya mita 3 pansi. Makoma kufika mamita 1.8, kuchotsapo chitseko, ndi pafupifupi 11. Onjezanipo 10 peresenti ya oduka ndi osweka, mugule onse tsiku limodzi, chifukwa obwera pambuyo amasiyana mtundu ngakhale dzina lili lomwelo. Apansi akhale okhakhala, osati onyezimira. Pali ana ndi agogo. Thumba la zomatira la makilogalamu 20 limakwana masikweya mita 4 kapena kuposerapo pang'ono, ndiye matumba 4. Pakani paliponse ndi chipande chamano. Zoika timibulu tisanu kunsi kwa tailosi zimasiya mphako momwe madzi amabisala, ndipo mukagogoda limalira ngati ng'oma. Grout, yomatira m'mipata ya pakati pa matailosi, ilowe pakatha maola 24, koma m'makona ndi mozungulira sinki ikani silicone, pakuti grout imang'ambika pamene makoma awiri akumana.

Zamagetsi zokha musakhudze. Shawa yotenthetsa madzi pompopompo imakoka magetsi ambiri, imafuna waya wake wochokera ku bokosi logawa magetsi, breaker yake yozimitsa magetsi pakachitika vuto, ndi earth yogwira, waya wopititsa magetsi othawa m'nthaka. Kuilumikiza ku waya wa babu n'kuika moyo pachiswe. Itanani wamagetsi wa chiphaso cha MERA, bungwe loyang'anira zamagetsi ndi mafuta, ndipo swichi ikhale kunja kwa bafa.

Nthawi yabwino ndi Ogasiti mpaka Okutobala, mvula isanagwe. Mu Juni ndi Julayi simenti imachedwa kuuma. Zenera likhale lotseguka pamwamba kuti nthunzi izituluka. Ngati chimbudzi n'chimodzi panyumba, kambiranani ndi aneba, chifukwa ntchito yonse ndi kuumitsa komwe imatha masabata atatu kapena kuposa. A lendi apemphe kaye kwa alandilodi, ndipo mgwirizano wa ndalama ulembedwe.

Amisiri a mapaipi ndi zomangamanga,
Luwinga, Mzuzu