Kalata ya Abusa: Za achinyamata athu amene akuchita malonda othandiza dera lathu

Okondedwa abale ndi alongo mwa Ambuye,

Chisomo ndi mtendere zikhale nanu nonse, a ku Chinamwali, Matawale, Sadzi ndi Chikanda, pamodzi ndi odwala ndi okalamba amene kalatayi iwapeza kunyumba.

Chandilembetsa kalatayi ndi kabuku kakang'ono ka kusukulu kamene ndinaonetsedwa mwezi watha. Mwini wake ndi mtsikana wa mumpingo mwathu muno amene anamaliza Fomu 4 koma sanapeze mwayi wopitiriza maphunziro, ndipo iye ndi anzake atatu amaumba makala a mankhusu a mpunga. Mankhusuwo amakawatenga kuzigayo zopunthira mpunga wa m'madambo a nyanja ya Chilwa, amawaotcha mumgolo wovundikira kuti ade osasanduka phulusa, amawasinja, amawasakaniza ndi phala la ufa wa chinangwa, kenaka amaumba timibulu ndi kutiyanika padzuwa. Ndinawapeza pansi pa mtengo wa mango manja ali bii, ndipo anandiuza kuti amafuna kupeza ya sopo ndi mchere, komanso kuti mitengo ya paphiri la Zomba ipumeko. Aliyense amene amakweza maso m'mawa amaona yekha dazi limene phirilo lachita, chonsecho ndi komweko kumene kumachokera madzi a Mulunguzi amene timamwa mumzinda muno.

M'kabukumo munali maina a anthu amene anatenga makalawo pangongole ndipo sanalipirebe, ena kwa miyezi yambiri. Pafupifupi onsewo ndi Akhristu a mpingo uno, ndipo ndikuvomereza ndi manyazi kuti dzina la banja langa linali pamzere wachinayi. Tinatenga thumba, ndinanena kuti ndidzapereka Lamulungu, ndipo mwanayo, poopa kukumbutsa abusa ake, anangokhala chete mpaka ndalama yogulira chinangwa inamuthera.

Malonda a mtundu umenewu amasiyana ndi ntchito yachifundo, ndipo amasiyananso ndi geni wamba. Munthu amaona vuto la m'dera lake, kaya ndi kutha kwa mitengo, zinyalala za pamsika, kapena atsikana ojomba kusukulu chifukwa chosowa zovala za kumwezi, ndipo amapanga chinthu chothetsa vutolo n'kumachigulitsa pamtengo woti osauka akwanitse. Phindu lake limakhala lochepa mwadala, ndipo n'chifukwa chake ngongole imodzi yosabwezedwa imagwetsa malonda otere msanga kuposa mmene ingagwetsere golosale ya munthu wokhazikika.

Sindikukana kuti mavuto ena ndi aakulu kuposa mpingo wathu. Kalembera wa 2018, amene anachitidwa ndi ofesi ya boma ya ziwerengero (NSO) yomwe likulu lake lili konkuno ku Zomba, anapeza kuti m'Malawi munali anthu oposa 17.5 miliyoni, ndipo pafupifupi theka la iwo anali osakwana zaka 18. Ana amenewo akukula tsopano, ndipo ntchito zolembedwa sizingawakwanire. Akafuna mpamba, banki imafunsa chikole monga nyumba kapena malo okhala ndi mapepala, zinthu zimene mnyamata wa zaka 22 alibe. Boma lili ndi thumba la ngongole, koma olifuna ndi ambiri, motero ena amathera kwa akatapila kumene chiwongoladzanja chimadya mpamba wonse. Mphepo ya Freddy itawononga chigawo chino mu Malichi 2023, ndalama ya kwacha inatsitsidwanso mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala chaka chomwecho, ndipo mtengo wa makina osokera, migolo ndi mapepala okulungira katundu unakwera nthawi yomweyo. Palinso kulembetsa dzina la bizinesi, kutenga nambala ya msonkho ku MRA, ndi chiphaso cha Malawi Bureau of Standards kwa opanga zakudya kapena sopo wogulitsa m'masitolo, ndipo zonsezi zimafuna ndalama, maulendo ndi munthu wodziwa njira.

Koma chimene chandisowetsa tulo ndi miyala imene ife tomwe timaika panjira ya ana athu. Kholo limauza mwana wake wa digiri ya ku Chanco kuti, "Kodi ndinagulitsa mbuzi zanga kuti uzidzada manja ndi makala?" Ndipo mwanayo amasiya ntchito yomwe ikanamudyetsa n'kuyamba kuyendayenda ndi envulopu ya makalata m'maofesi zaka ziwiri kapena zitatu. Mtsikana akabwera mochedwa kuchokera kumsika wa Songani kapena Jali, miseche imayamba, nthawi zina pabwalo la tchalitchi lomwe lino. Choipitsitsa n'chakuti alipo abambo ena amene amalonjeza mpamba kwa atsikana otere pofuna thupi lawo, ndipo ndikunena poyera kuti bwalo la akulu a mpingo silidzabisa nkhani yotere ngakhale wochitayo atakhala wa udindo.

Chizolowezi china chimaoneka ngati chachikondi pamene chili chakupha. Timati, "Ameneyu ndi mwana wathu, atichitire ngati ntchito ya Mulungu." Tikafuna yunifolomu ya kwaya timapita kwa mtsikana wathu wosoka n'kumupempha kuti atsitse mtengo mpaka phindu lithe, koma tikapita kusitolo ya mlendo timapereka ndalama yonse osadandaula. Mtumwi Paulo ankasoka mahema ku Korinto pamodzi ndi Akula ndi Priskila, ndipo ntchito ya manja akeyo ndiyo inkamudyetsa. Iye yemweyo ndiye anauza Timoteo kuti munthu asamupeputse chifukwa cha ubwana wake, ndipo ine ndikuona kuti kukana kulipira mwana mtengo woyenera ndi njira imodzi yomupeputsira. Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo palibe kholo lolongosoka limene limadya mbewu imene mwana wake wasungira dzinja.

Kwa inu ana anga achinyamata, ndili nawonso mawu. Lembani ndalama iliyonse yolowa ndi yotuluka, ndipo musasakanize ndalama ya bizinesi ndi ya ndiwo, chifukwa mpamba ukadyedwa subwerera. Phunzirani kukana ngongole mwaulemu, ngakhale kwa abusa, ngakhale kwa amalume anu. Ndaonanso ena a inu mukuyambitsa timagulu n'cholinga chongoitanidwa kumisonkhano ya mabungwe kuti mukalandire alawansi, ndipo msonkhano ukatha gulu nalo limatha. Yambani ndi vuto limene mukuliona pakhomo panu ndiponso ndi katundu amene mnansi wanu angagule mawa ndi ndalama yake, pakuti thandizo la bungwe likabwera liyenera kupeza ntchito ili m'kati kale.

Bwalo la akulu a mpingo linakambirana zimenezi ndipo lagwirizana motere. Aliyense amene ali ndi ngongole kwa wachinyamata wa mpingo uno aibweze mwezi uno usanathe, ndipo amene wasoweratu apite yekha akagwirizane naye tsiku lolipira, osadikira kukumbutsidwa. Pamaliro, paukwati ndi pamisonkhano ya mpingo tiziyamba kugula makala, sopo ndi zosoka kwa ana athuwa, pamtengo wonse ndiponso ndalama pamanja. Chipinda cha kuseri kwa tchalitchi, chimene muli mabenchi othyoka okhaokha, chikonzedwa kuti azisungiramo ndi kuyanikiramo katundu nthawi ya mvula. Amayi a Mvano avomera kulandira achinyamata okhulupirika mu banki m'khonde yawo, kuti azibwereka pang'onopang'ono popanda chikole cha nyumba.

Pempho langa lapadera likupita kwa inu amene munapuma pantchito. Mzinda uno unali likulu la dziko mpaka 1975, ndipo mpaka lero muli anthu ambiri amene anagwira ntchito za boma. M'mabenchi athu mumakhala owerengera ndalama, alangizi a zaulimi, aphunzitsi ndi akalaliki amene amadziwa kudzaza mapepala omwe ana athu amawaopa. Ndikukupemphani kuti aliyense atenge gulu limodzi, aziona kabuku kawo kamodzi pamwezi, ndipo awaperekeze kuofesi pamene akukalembetsa bizinesi. Tidzakumana nonse Loweruka likudzali nthawi ya 9 koloko m'mawa m'holo ya mpingo, ndipo achinyamata abwere ndi katundu wawo ndi mabuku awo. Ngongole ya banja langa ndinakaipereka Lachiwiri lapitali, ndipo dzina lathu linafufutidwa ine ndikuona.

Ambuye akusungeni nonse.

Ine mbusa wanu,
Zomba