Poyerekeza China ndi India tigwiritse ntchito muyeso umodzi

Akonzi,

Ndiloleni ndithirire ndemanga pa momwe timayerekezera ndalama zimene mayiko awiri amaika pa chitukuko pakapita zaka. Chitsanzo chabwino ndi China ndi India, mayiko okhala ndi anthu oposa 1.4 biliyoni lililonse. Ambiri amangosandutsa ziwerengero zonse kukhala madola n'kuziika pamodzi, ndipo chisokonezo chimayambira pomwepo.

Mu Januwale 1994 China idaphatikiza mitengo yake iwiri yosinthira ndalama, moti dola imene boma linkaiwerengera ma yuan 5.8 idafika pa 8.7. India nayo idatsitsa mphamvu ya rupee mu Julayi 1991. Wowerenga m'madola pa mtengo wa boma aona ngati chitukuko chidagwa chagada zaka zimenezo, chonsecho kutsika kwakukulu n'kwa mphamvu ya yuan ndi rupee poyerekeza ndi dola chabe.

Njira yoyenera ndi iyi. Tengani ndalama zolowa m'zinthu zokhalitsa monga misewu, madamu, nyumba, mafakitale ndi makina, zomwe akatswiri amazitcha gross fixed capital formation. Zigaweni ndi GDP (mtengo wa katundu ndi ntchito zonse zimene dziko lapanga) ya chaka chomwecho, zonse ziwiri zili mu ndalama ya dzikolo. Mukatero muona kuti kuyambira 2009 mpaka 2020 China idali pamwamba pa 40 peresenti chaka chilichonse, itangolengeza ndondomeko yolimbikitsira chuma ya ma yuan 4 thiriliyoni kumapeto kwa 2008. India idafika pachimake cha m'ma 2007, pafupifupi 35 peresenti, kenaka idatsika mpaka kuchepera 30 pofika 2015. Musadalire chaka chimodzi. Phatikizani zaka zisanu n'kugawa ndi 5, popeza ntchito yaikulu imodzi kapena chilala zingapotoze chithunzi.

Mbuna zina zili m'matebulo a ziwerengerozi momwemo. Mzere wa gross capital formation umaphatikizanso katundu wokhala m'nkhokwe zamakampani, ndipo ku India umawerengeranso golide amene anthu agula. Ndalama zochokera kunja, za FDI, ndi nkhani inanso: kampani yakunja ikagula fakitale yomangidwa kale, dziko silinaonjezere makina ngakhale amodzi. Chaka cha ziwerengero cha India chimayamba mu Epulo n'kutha mu Malichi, pomwe cha China chimayamba mu Januwale. Komanso mu 2015 India idasintha chaka chimene mitengo yake imatengedwa ngati poyambira powerengera GDP kukhala 2011-12, choncho kulumikiza ziwerengero zakale ndi zatsopano osazikonza kumaonetsa kulumpha kumene kunalibe.

Chimene chimandikhudza kwambiri n'chakuti ambiri amalekera pa peresenti, ngati kuti wamkulu ndiye wapambana. Funsani kuti ndalamazo zidabala chiyani. Gawani peresentiyo ndi kakulidwe ka chuma: dziko loika 42 peresenti n'kukula ndi 6 likulowetsa 7 kuti lipeze 1, pomwe loika 30 n'kukula ndi 6 likulowetsa 5. Chotsaninso ndalama zongobwezeretsa makina otha ndi misewu yokumbika, chifukwa dziko lomanga zambiri limakhalanso ndi zambiri zokonza. Nyumba zosanja zomwe zamangidwa koma mulibe wokhalamo zimawerengedwa mokwanira m'chaka chomwe zidamangidwa, ngakhale sizibweretsa lendi.

Ndipo popeza chuma cha China n'chachikulu pafupifupi kasanu kuposa cha India, ngakhale maperesenti atafanana lero, ndalama zogwera munthu mmodzi ku China zikhalabe zochuluka pafupifupi kasanu.

Ine wanu,
Wowerenga nyuzipepala yanu