Kwa iwe mwana wanga ku Joni, za Spider-Man wakoyo

Mwana wanga,

Tadzuka bwino kuno, mwendo wa amayi ako uja wayamba kupepukako, akutha kufika kudimba. Koma sindikulembera za mwendo ayi. Msuweni wako anaimba Lachisanu, poyamba amangozungulira kufunsa za mvula ndi mbuzi, kenako ndi pomwe anaulula kuti kuntchito akupatsa kalata ya chenjezo kamba kofika mochedwa, ati ukumagona cha m'ma 3 koloko m'bandakucha uli pa gemu. Usamukwiyire, ndinachita kumupanikiza ndine. Mkazi wako sananene kanthu, nditamufunsa anangoti tili bwino bambo, nde usakamuyambe mwana wa eni ake.

Ndamvanso kuti PS5 ija unatenga pa akaunti, yolipira mwezi ndi mwezi, chifukwa Spider-Man 2 ija itatuluka mu 2023 sinkaseweredwa pa PS4. Gemu yokhayo ku America inkagulitsidwa madola 70, makina osawerengera. Iwe amene mwezi wathawu unandiuza kuti lendi yakwera.

Usaganize kuti ndikulankhula zinthu zosazidziwa. PS4 yomwe unasiya kuno mng'ono wako anandiphunzitsa, ndipo Spider-Man yoyamba ija, ya 2018, ndinaisewera mpaka kumapeto, amayi ako akundiseka kuti nkhalamba yapenga. Nde sindikunamiza, anthu a Insomniac amenewo anaipanga bwino gemu ija. Ukangopanikiza batani la R2 munthu uja n'kuponya ulusi, n'kulendewera pakati pa nyumba zosanja za Manhattan, kutsika mpaka kutsala pang'ono kukhudza madenga a mataxi achikasu kenako n'kukweranso m'mwamba, mtima umachita kuti myuu ngati uli pa lole yotsetsereka pa Linthipe. Ndipo ulusiwo sumangomata m'malere, umagwira pakhoma lenileni, ukafika ku Central Park komwe kulibe nyumba zazitali umavutika, umayenda chapansipansi m'mitengo. Zimenezo ndinaziona kuti apa panakhala anthu oganiza. Ndewu yakenso, kamutu kakangowala uziti circle msanga, wazinda, kenako triangle wamufikira mdani uja. Zala zanga zokalambazi zinkachedwa koma ndinazolowera.

Ukukumbuka unathyoka dzanja uli sitandade 3 utadumpha mumtengo wa mango wa kuseri uja, utamanga chitenje cha amayi ako m'khosi? Unalira njira yonse ya kuchipatala, osati chifukwa cha ululu koma poti chitenje chinang'ambika ndipo umaopa kukwapulidwa. Zinthu zoulukazi unayamba nazo kalekale, sindikudabwa.

Koma tamvera. Gemu ija ili ndi msampha, ndipo msamphawo ndinauona ndekha. Nkhani yake yeniyeni siyaitali kwambiri, koma pamapu amakuwazira tizizindikiro mbwee. Zikwama 55 zomwe Peter, Spider-Man mwiniwakeyo, anamata m'makoma kalekale, uzipite ukatole. Matawa a apolisi, ukakonze limodzilimodzi. Nkhunda 12 za mkulu wina zathawa, uzithamangitse mumlengalenga, nkhunda mwana wanga! Ndiye akuba aja, ukangomaliza kumenya gulu lina pa wailesi akuti kwinanso athyola sitolo, ukafika anthu ake omwewo, zovala zomwezo, kamenyedwe komweko, galimoto yothawa uyiimitsa chimodzimodzi ngati ija unaimitsa mphindi khumi zapitazo. Palibe chatsopano chomwe ukuona koma sukuzimitsa, ukungoti kamodzi kokha aka, chigawo ichi chifike 100%. Ine amene, wamkulu ndi imvi zanga, tsiku lina anandidzutsa pampando ndi magetsi atazima, apo ayi bwenzi nkhuku zitalira ndili pomwepo. Kwanuko tsiku lomwe magetsi sazima adzakudzutse ndani?

Komanso mbali zija amakulanda Spider-Man n'kukupatsa anzake aja, Mary Jane kapena Miles, kuti uziyenda chokwawa kuseri kwa mabokosi, akangokuona basi yambiranso, zija zinkanditopetsa zedi, ndinkapatsira mng'ono wako. Ndi tima puzzle ta mawaya ta mu labu ya Otto, bwana wake wa Peter. Zongochedwetsa munthu.

Chomwe chikundiwawa n'chakuti gemu yomweyo ikukuuza zoona koma iwe ukungoona zolendewerazo. Peter Parker uja ali ndi zaka 23, wamphamvu kuposa aliyense mu New York, koma akulephera kulipira lendi. Unaiwala? Anabwera usiku n'kupeza amuthamangitsa m'nyumba, katundu wake atatayidwa ku zinyalala, mpaka kumathamangitsa magalimoto otola zinyalala kufuna zinthu zake. Anakagona pa sofa mu ofesi ya azakhali ake May ku FEAST, komwe amasungirako anthu osowa pokhala. Malipiro kwa Otto Octavius kunalibe zolongosoka poti meya Norman Osborn anawadulira thandizo. Ndipo mng'ono wako wandionetsa pa YouTube kuti mu yachiwiri yomwe ukusewerayo amuchotsa ntchito ya uphunzitsi tsiku loyamba lenileni, atasiya ana m'kalasi kupita kukamenyana ndi Sandman. Tsiku loyamba. Mu gemu zimaoneka zoseketsa, iye amangoponya nthabwala n'kudumpha pawindo. Iwe akakuchotsa ukadumphira kuti? Azakhali ako ali kuno ku Dedza, ku Joni ulibe sofa ya munthu, ndipo ntchito kwa mlendo kumeneko ukudziwa wekha mmene unavutikira kuti uipeze, miyezi ija unkagona kwa anzako amayi ako osadya nsima bwinobwino.

Pena ndimaganiza kuti mwina ndi kusungulumwa. Ukaweruka watopa, kunja kukuopsa, abale kulibe, ndiye gemu ija imakupatsa mzinda womwe anthu amakuimika m'misewu kukupatsa moni ndi kujambula nawe. Ndikumvetsa ndithu. Bola gemu kusiyana ndi mowa, zimenezo ndawauza amayi ako pomwe amafuna kukuimbira akulira. Sindikuti ugulitse. Ndikuti ntchito, mwana wanga, ntchito.

Mathero a yoyamba ija anandigwira, sindibisa. Mankhwala ochiza mliri wa Devil's Breath alipo ochepa, okwanira kupulumutsa May yekha kapena kuwasunga kuti madokotala apangire ena a mzinda wonse, iye atagwira botolo m'manja akunjenjemera, May n'kumuuza kuti ankadziwa kale kuti Spider-Man ndi iyeyo. Ndinadzuka kupita panja kunamizira kukaona mbuzi. Anthu okhoza kulemba zotere ndi omwewonso anaika nkhunda zija, ndimadabwa nazo. Nkhani ngati imeneyo imafunika kuimva uli maso, osati 3 koloko maso ali psuu mawa lake shifiti ya 6.

Ndipo ndamva kuti ukufuna platinum. Ndinafunsa mng'ono wako kuti platinum ndi ndalama zingati, anaseka mpaka kugwa pansi, ati ndi kachithunzi chabe ka chikho pa sikirini. Ndiye kachithunzi kameneko ukafike nako kwa landilodi?

Tamvera zomwe ndikufuna. Mkati mwa sabata ikakwana 10 koloko zimitsa, kontirola umupatse mkazi wako akaiike komwe akudziwa iye, usachite manyazi, amayi ako amasunga khadi langa la kubanki mpaka lero ndipo sindinafe. Loweruka ndi Lamulungu ukachoka kutchalitchi sewera mmene ungafunire, umalize nkhani yakeyo, ya Kraven ndi Venom, zotolatolazo uzisiye sizithawa. Gemu ina yatsopano usagule mpaka akaunti ija itatha, ndipo undiuze yatsala miyezi ingati, chilungamo, usandichepetsere. Ndalama ya feteleza chaka chino usatumize, tagulitsa nkhumba ziwiri zija tikwanitsa, iweyo lipira lendi ndi ngongoleyo kaye. Amayi ako akana zimenezi koma ndalankhula ndine.

Lolemba ukafike msanga kuntchito, abwana ako asanafike, ndipo ukapepese ndi pakamwa pako, osati pa WhatsApp. Kalata yachiwiri ikabwera yachitatu sidikira. Ndiponso mwana uja akukula akukuona, tsiku lina mkazi wako anatitumizira kavidiyo iye akukukoka malaya iwe maso ali pa TV ukungoti dikira dikira. Amayi ako anakaonera kawiri n'kundibwezera foni osalankhula.

Ndikudziwa ukwiya ukawerenga izi, kwiya, unkakwiyanso ndikakuletsa kupita ku vidiyo sho ya pamsika ija. Koma uyankhe, usangoonetsa timizere ta buluu n'kukhala chete ngati ulendo watha uja.

Mng'ono wako akuti kontirola ya kuno kamtengo ka kumanzere kayamba kuyenda kokha, Spider-Man akumangolowera kukhoma. Ndamuuza kuti asakupemphe kanthu mpaka Disembala, nde akakulembera mobisa umukanize. Tiimbire Lamulungu madzulo, amayi ako akufuna amve mawu a mdzukulu wawo.

Ndine bambo ako.