Mabatani atatu a m'galimoto ndi kiyi wa pakhomo

Akonzi,

Ndipatseniko malo m'nyuzipepala yanu ndinene za kanthu kakang'ono kamene kandisowetsa tulo mwezi uno. Kwathu ndi ku Ntcheu koma ndimakhala ku South Bend, m'chigawo cha Indiana ku America, komwe Amalawi tilipo ambiri ndithu. Ndimasamalira okalamba usiku, kuweruka 6 koloko m'mawa. Amene sanalaweko Januwale wa kuno asandiuze za kuzizira kwa ku Dedza. Mphepo ikachokera ku nyanja ya Michigan imatisiyira sinowo wolekeza m'mawondo, ndipo kutsika m'galimoto kuti ukakweze chitseko cha galaja ndi manja chimakhala chilango chenicheni.

Chitseko chathu chili ndi mota kudenga, koma amene anatigulitsa nyumba anatisiyira rimoti imodzi yokha. Magalimoto awiri, rimoti imodzi. Ine ndi bambo a kunyumba tinkailimbirana ngati ana olimbirana nkhoko za mumphika.

Galimoto yanga ndinagula yoti wina anayendapo kale. Pansi pa galasi loonera kumbuyo pali mabatani atatu ndi kachithunzi ka nyumba. Miyezi isanu ndi itatu sindinawakhudze, poopa kuti mwina ndi oitanira apolisi. Mnzanga wa kuntchito ndiye anandiseka nandiuza kuti imeneyo ndi rimoti yomangira m'galimoto momwemo, dzina lake HomeLink. Amapanga ndi a kampani ya Gentex ya ku Zeeland, m'chigawo choyandikana nafe cha Michigan, amene anagula ntchitoyi kwa a Johnson Controls mu 2013. Batani lililonse limatha kuphunzira mawu a rimoti ina n'kumawalankhula lokha.

Loweruka lina tinatulutsa buku la galimoto. Langizo loyamba ndi loti galimoto ikhale panja pa galaja, osati m'kati, chifukwa utsi wa injini m'chipinda chotseka umapha munthu asanadziwe kuti wayamba kufa. Komanso pasakhale mwana kapena katundu pansi pa chitseko, poti chimatha kuyenda nthawi iliyonse mukuphunzitsa. Mukatero mumayatsa galimoto, n'kukanikiza mabatani awiri a m'mphepete nthawi imodzi mpaka kanyali ka pambali pa mabataniwo kayambe kuphethira msangamsanga. M'magalimoto atsopano zimatenga masekondi 10, m'akale pafupifupi 20. Pamenepo mwafufuta zonse zimene mabataniwo ankadziwa. Muchite zimenezi koyamba kokha; mukabwereza pofuna kuphunzitsa batani lachiwiri, loyamba lija liiwalanso.

Kenako mumagwira rimoti ya m'manja pafupi ndi mabataniwo, masentimita 2 mpaka 8, n'kukanikiza batani lake pamodzi ndi batani la m'galimoto limene mwasankha. Kanyali kamayamba kuphethira mwaulesi, kenako mofulumira, kusonyeza kuti kamva. Kwa ife sikanamve. Tinayesa kanayi, bambo akunena kuti ine ndikugwira mopendeka, ine ndikunena kuti iwo akutaya batani msanga. Mlandu unali wa batire ya m'rimoti, yomwe inali itatopa. Inkakwanitsa kutsegula chitseko koma mawu ake anali ofooka kuti galimoto iwaphunzire. Titaika yatsopano, kanyali kanavomera nthawi yomweyo.

Ndinakanikiza batani monyadira. Chitseko chinangokhala duu.

Apa ndi pamene ambiri amagwa ulesi n'kunena kuti chipangizocho n'chakufa. Ma rimoti akale anali ndi nambala imodzi yosasintha, yotcheredwa ndi timaswichi tating'ono m'kati. Timaswichi tikakhala 8, manambala onse otheka ndi 256 basi, moti munthu ankatha kutsegula galaja ya mnansi wake mwangozi, ndipo wakuba wokhala ndi kachipangizo komvetsera ankangoijambula nambalayo. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990 opanga anasintha: rimoti imatumiza nambala yatsopano nthawi iliyonse, ndipo mota imakana nambala imene yagwirapo kale ntchito. Ndinakondwa kumva kuti imodzi mwa njira zotchuka zochitira zimenezi, yotchedwa KeeLoq, inabadwira kwathu ku Africa, ku kampani ya Nanoteq ya ku South Africa, njirayo isanagulidwe ndi a Microchip a ku America mu 1995. Tanthauzo lake ndi loti sikokwanira kuti galimoto idziwe chilankhulo. Mota nayo iyenera kuilandira ngati mlendo wodziwika.

Pa mota ija kudenga pali batani lolembedwa kuti Learn, kawirikawiri pafupi ndi kawaya kolendewera, nthawi zina kuseri kwa chivindikiro cha babu. Mukalikanikiza kamodzi n'kulitaya, muli ndi masekondi 30 oti mufike m'galimoto, mukanikize batani limene munaliphunzitsa lija masekondi awiri, mutaye, mubwerezenso mpaka katatu. Bambo, pokhala mwamuna, anati achita okha. Anakwera makwerero, anakanikiza, anatsika, anatereka pa madzi oundana a pakhomo n'kukhala pansi ngati thumba la chimanga. Pomwe amafika pa galimoto nthawi inali itatha kalekale. Ndinawauza kuti, “Abambo, khalani komweko kumwambako, ine ndikhala muno, mungokuwa.” Anakuwa, ndinakanikiza, ndipo kachiwiri kokha chitseko chinayamba kukwera. Ntchitoyi ndi ya anthu awiri, buku lisakunamizeni.

Koma chimene chandilembetsa kalatayi si chisangalalo chimenecho ayi. Tisanafufute kalikonse tsiku lija, ndinakanikiza batani loyamba mongoyesa, ndipo kanyali sikanaphethire mwaulesi monga kamachitira pa batani lopanda kanthu. Linali lophunzitsidwa kale. Sindinaganizepo zambiri mpaka usiku wina kuntchito, agogo onse amene ndimasamalira atagona, pamene ndinakumbukira kuti pa mapu a m'galimoto momwemo panali adiresi yosungidwa pa dzina loti Home, imene sindinaike ndine. Ndiye kuti miyezi isanu ndi itatu ndinkayenda ndi kiyi wa nyumba ya munthu wosamudziwa, pamodzi ndi njira yokafikira pakhomo pake. Mwini wake sanafufute, ogulitsa magalimoto nawo anatsuka mipando mpaka kununkhira koma izi sanazione. Ikanakhala kuti galimotoyo inagwa m'manja mwa wina wa mtima wa fisi, bwenzi atalowa masanasana osathyola loko.

Ndili m'kati momumvera chisoni munthuyo, mtima unandigunda: nanga ife? Amene anatigulitsa nyumba anali ndi magalimoto awiri, ndinawaona ndi maso anga tsiku lokaona nyumba. Anatipatsa rimoti imodzi, ife n'kuthokoza. Maloko a zitseko zonse tinasintha sabata yoyamba, koma mota ya galaja palibe anaikumbukira. Mota siidziwa kuti nyumba yagulitsidwa. Galimoto iliyonse imene inailandirapo imailandirabe, kaya ili ndi mwini wake wakale kaya inagulitsidwa kwa wachitatu. Ndipo kuno galaja zambiri zili ndi chitseko cholowera m'khichini, chimene ife sitinkakiya ngakhale tsiku limodzi.

Ndikudziwa kuti ku Lilongwe ndi ku Blantyre mageti oyendera mota akuchuluka, ndipo ma rimoti amayenda m'manja mwa alonda, antchito ndi alendi amene amabwera n'kupita. Funsani amene anakuikirani mota kuti akuonetseni mofufutira ma rimoti akale, ndipo muwerenge kuti olandiridwa ndi angati. Wogulitsa galimoto ya mabatani atatu aja akanikize awiri a m'mphepete asanapereke makiyi, afufutenso adiresi pa mapu. Woimika galimoto panja usiku ayese ngati mabataniwo amagwira injini ili yozima, chifukwa m'magalimoto ena amagwira, ndipo woswa galasi la galimoto amakhala watsegula ndi nyumba yomwe.

Ife tinachita zathu m'mawa womwewo, ndisanavule ndi yunifolomu yomwe. Pa mota za Chamberlain ndi LiftMaster, zomwe n'zofala kuno, mukagwira batani la Learn osalitaya kwa masekondi pafupifupi 6, kanyali kake kamazima ndipo mota imaiwala aliyense, ngakhale inu eni ake. Zikatero rimoti ya m'manja ndi galimoto muyenera kuziphunzitsanso. Bambo ndinawadzutsa ali ndi tulo m'maso, chiuno chikuwawabe ndi kugwa kuja. Anayang'ana makwerero, anandiyang'ana ine, nati ulendo uno wokwera ndikhale ine, iwo akhala m'galimoto motentha. Ndinakwera.

Mayi wa ku Ntcheu,
South Bend, Indiana